Mawu a M'mawa: Tiwakumbukire Ogwira Choko

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Lero tiyeni tione Agalatiya 6:6, pamene Paulo akulangiza kuti wophunzitsidwa azigawana zabwino ndi womuphunzitsa. Iye ankanena za ophunzitsa Mawu a Mulungu, koma mfundoyi ikufikanso kwa aphunzitsi a ana athu.

Ntchito yambiri ya mphunzitsi sitiiona. Asanaime pa bolodi amakhala atalemba kale sikimu ya teremu yonse ndi pulani ya phunziro la tsikulo. Akaweruka, makope amamutsatira kunyumba. Tawerengani nokha: ana 60, kope lililonse mphindi 2, ndiye kuti maola 2 pa phunziro limodzi lokha. Komanso kuchonga sikungoika chizindikiro ayi. Mwana akalemba kuti 23 kuchotsa 8 ndi 25, mphunzitsi waluso amadziwa kuti mwanayo wachotsa 3 pa 8 chifukwa sanamvetse zobwereka, ndipo mawa lake amabwereza pomwepo. N'chifukwa chake Yakobo 3:1 amachenjeza kuti ophunzitsa adzaweruzidwa kolimba. Ndi katundu wolemera.

Pothokoza, tchulani chenicheni chimene achita. "Zikomo aphunzitsi, mwana wanga tsopano akuwerenga yekha" amalimbitsa mtima kuposa zikomo wongodutsa. Madzulo patulani mphindi 10 muone kope la mwana ngati walemba ntchito ya kunyumba, mum'funsenso zimene waphunzira. Mphatso muzipereka mayeso atachongedwa kale, chifukwa ikafika mayeso ali pafupi imaoneka ngati chiphuphu ndipo imaika mphunzitsi pamalo ovuta.

Pamene makolo ambiri timalakwa ndi apa: kunyoza aphunzitsi mwana akumva. Mwana wotero akafika m'kalasi samveranso, ndipo wovutika ndi iye yemweyo. Aphunzitsi nawonso amalakwitsa, inde. Koma taonani Prisila ndi Akwila pa Machitidwe 18:26. Atamva Apolo akuphunzitsa zosakwanira, anam'tengera pambali n'kumulongosolera bwino. Inunso pitani nokha pa nthawi yopuma kapena akaweruka, muyambe mwamva mbali yawo. Zikakanika m'pamene mungapite kwa ahedi.

Tsiku la aphunzitsi padziko lonse limakhala pa 5 Okutobala, koma musadikire tsikulo. Atumizireni uthenga m'mawa uno.

Tipemphere: Ambuye, apatseni aphunzitsi mawu osasasa, mtima woleza pa mwana wochedwa kumva, ndi malipiro pa nthawi yake. M'dzina la Yesu, Amen.