Mawu a M'mawa: Matalente Awiri ndi Bolodi la Chess

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Mateyu 25:14-30, pamene Ambuye Yesu akufotokoza za munthu amene, asananyamuke ulendo wautali, anaitana akapolo ake nawasungitsa chuma chake: wina anampatsa matalente asanu, wina awiri, wina limodzi, aliyense molingana ndi mmene akanathera. Ndimeyi yandikhala pamtima kuyambira Lamlungu madzulo chifukwa cha funso limene mwana wa mlongo wanga anandifunsa tili pakhonde.

Mnyamatayu ali ndi zaka 27 ndipo ali pa ntchito imene ikudyetsa banja lake. Zaka ziwiri zapitazo anaphunzira chess pa foni, ndipo lero anzake onse a kuntchito amawagonjetsa, komanso ine amene ndinayamba masewerawa iye asanabadwe. Tinali titayala bolodi langa lakale, limene kavalo wake mmodzi anasowa ndipo m'malo mwake timaikapo chitsekero cha botolo. Atandigonjetsa kachiwiri, anayamba kubwezera zidolezo m'malo mwake mwakachetechete, kenaka anati: "Amalume, ndikuganiza zosiya ntchito kuti ndilimbikire chess. Ndikufuna kukhala grandmaster. Kodi Mawu sanena kuti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu?" Sankaseka ayi, ndipo m'maso mwake munali njala yeniyeni, choncho ndinaona kuti kumuyankha mongomusangalatsa kukanakhala kumulakwira.

Kwa amene simudziwa masewerawa, grandmaster ndi udindo wapamwamba kwambiri umene bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, la FIDE, limapereka kwa wosewera, ndipo munthu akaupata amakhala nawo moyo wake wonse. Bungweli linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, ndipo linayamba kupereka udindowu mu 1950, pamene anthu 27 okha ndiwo anaulandira. Kuchokera nthawi imeneyo kufikira lero, pakati pa anthu miyandamiyanda amene amasewera chess, amene afikapo ndi pafupifupi 2,000 basi. Kuti munthu aulandire, mlingo wa luso lake, umene osewera amautcha rating, uyenera kufika pa 2500. Mlingowu umawerengedwa mwa njira imene anakonza Arpad Elo, ndipo tanthauzo lake ndi losavuta kumva: ngati mnzako wakuposa ndi 400, pa magemu khumi amene mungasewere iye amayembekezeka kutenga mapointi pafupifupi asanu ndi anayi. Wosewera wa 1700 ndi munthu woopsa kale pakati pa anzake a m'dera, komabe wa 2100 amamugonjetsa motero, ndipo wa 2100 yemweyo amagonjetsedwa chimodzimodzi ndi wa 2500. Pakati pa katswiri wa pakhonde ndi grandmaster pali mapiri awiri athunthu, ndipo lachiwiri ndi lotsetsereka kuposa loyamba.

Rating yokha sikwanira. Munthu ayeneranso kupata zimene amazitcha ma norm, ndiko kuti zotsatira zapamwamba pa mipikisano ikuluikulu, kawirikawiri atatu, okwana magemu osachepera 27 onse pamodzi, ndipo pa mpikisano uliwonse wotere ayenera kusewera pa mlingo wa 2600 polimbana ndi anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, ena mwa iwo ali kale ma grandmaster. Apa ndi pamene nkhani imatikhudza ife a kuno, chifukwa mipikisano yotere imachitika kwambiri ku Ulaya, ku Asia ndi ku America, ndipo munthu wa kuno ayenera kupeza ndalama za ndege, malo ogona ndi ziphaso, osati kamodzi kokha koma chaka ndi chaka. Mnansi wathu wa ku Zambia, Amon Simutowe, ndiye anali grandmaster woyamba kuchokera ku maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Iye anabadwa mu 1982, anayamba masewerawa ali mwana, ndipo asanakwanitse zaka 20 anali kale International Master, udindo umene uli pansi pa grandmaster. Ngakhale anali ndi mphatso yotere, norm yake yomaliza anakaipeza ku Arnhem m'dziko la Netherlands mu 2007, ndipo udindo wake unatsimikizidwa mu 2009. Dziko la Malawi mpaka lero lilibe grandmaster ngakhale mmodzi, ndipo sindikhulupirira kuti chifukwa chake ndi kuchepa kwa nzeru.

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, ndipo pa chess mawu amenewa ndi oona mochititsa mantha. Magnus Carlsen wa ku Norway anakhala grandmaster mu 2004 ali ndi zaka 13. Judit Polgár wa ku Hungary, amene bambo ake anamuphunzitsa pakhomo pamodzi ndi abale ake awiri kuyambira ali wamng'ono kwambiri, anafikapo mu 1991 ali ndi zaka 15. Abhimanyu Mishra wa ku America anaulandira mu 2021 ali ndi zaka 12, ndipo Gukesh Dommaraju wa ku India anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2024 ali ndi zaka 18. Chifukwa chake chinaonekera bwino pa kafukufuku amene William Chase ndi Herbert Simon anasindikiza mu 1973. Iwo ankaonetsa osewera bolodi kwa masekondi asanu okha, kenaka n'kuwauza kuti ayalenso zidole monga momwe zinalili. Zidole zikakhala kuti zayalidwa monga zimakhalira pa gemu yeniyeni, katswiri ankakumbukira zambiri kuposa woyamba kumene. Koma zikangomwazidwa chisawawa, kusiyana kuja kunkachepa kwambiri. Luso la katswiri lagona pa maonekedwe ambirimbiri a bolodi amene anakhazikika m'mutu mwake pa zaka zambiri, kotero kuti iye amangoona pamene ife tikuwerengera. Mwana amatola zimenezi monga amatolera chiyankhulo cha amayi ake, ali ndi tsiku lonse ndipo alibe lendi yolipira. Wamkulu amaziphunzira monga chiyankhulo chachilendo, usiku, atatopa ndi ntchito.

Mwana wa mlongo wangayo anali atamva za anthu amene analandira udindowu atakula, ndipo anatchula Ben Finegold wa ku America, amene anakhala grandmaster mu 2009 ali ndi zaka 40. Nkhaniyi ndi yoona, koma anthu amasiya mbali yake ina. Finegold anaphunzira chess kwa bambo ake ali kamwana, ndipo anakhala International Master kwa zaka pafupifupi 20 asanakwere sitepe yomalizayo. Sanayambe mochedwa; anangomaliza mochedwa.

Choncho ndinamuuza zoona, ngakhale mtima unkandiwawa. Ndinati: "Mwana wanga, munthu amene wayamba chess ali ndi zaka 25, ali ndi banja ndi ntchito, kuti akhale grandmaster ndi chinthu chimene sitingachiyembekezere. Sindikuti Mulungu alephera, koma ndikuti sanakulonjeze chimenechi." Ndipo tinatsegula Afilipi 4 n'kuyamba kuwerenga pa vesi 11, osati pa 13 pamene pali mawu amene iye anatchula aja. Paulo akulemba ali m'ndende, ndipo akunena kuti waphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, wadziwa kupeputsidwa ndi kusefukira, kukhuta ndi kumva njala. Zonse zimene akuti akhoza mwa Khristu ndi zimenezo: kupirira kusowa osataya chikhulupiriro, ndi kukhala ndi zochuluka osadzitukumula. Vesi 13 limeneli timalilemba pa magalimoto ndi pa Facebook ngati chiphaso chotsegulira khomo lililonse limene mtima wathu wasirira, ndipo zimandidetsa nkhawa, chifukwa ndaona achinyamata akukhumudwa ndi Mulungu pa zinthu zimene Iye sananene. Wouza mnzake kuti chilichonse n'chotheka bola akhulupirire amaoneka wachikondi tsiku limenelo, koma sadzakhalapo tsiku limene ana adzagone ndi njala.

Ambuye Yesu mwini, pa Luka 14:28-30, akufunsa kuti ndani mwa inu, akafuna kumanga nsanja, sayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, kuopa kuti angaike maziko n'kulephera kumaliza. Iye ankanena za mtengo wa kumutsata, komabe anatenga chitsanzocho pa nzeru ya tsiku ndi tsiku imene anaivomereza. Kukhala pansi ndi kuwerengera si kusowa chikhulupiriro.

Tsopano tibwerere ku matalente aja, pakuti m'menemo ndi mmene muli chitonthozo chimene ndinkafuna kuti mnyamatayo apite nacho. Choyamba, mbuye uja sanagawe mofanana, ndipo Yesu sakupepesa pa zimenezo. Ena anapatsidwa mphatso, makolo odziwa masewerawa, aphunzitsi, ndi dziko limene mipikisano imachitika sabata iliyonse; ena tinapatsidwa bolodi losowa kavalo. Koma talente silinali kandalama kochepa. Talente limodzi linali ngati madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a tsiku lonse la munthu waganyu, kutanthauza kuti ngakhale amene analandira limodzi uja anali atagwira m'manja malipiro a zaka pafupifupi 20. Palibe amene anachoka pamaso pa mbuye wake chimanjamanja.

Ndiye muike chala chanu pa vesi 21, kenaka pa vesi 23, ndipo muwerenge mofatsa. Kapolo wa matalente asanu anabweretsa khumi, wa awiri anabweretsa anayi, ndipo mawu amene analandira ndi amodzimodzi, osasiyana ngakhale pang'ono: onse akutchedwa kapolo wabwino ndi wokhulupirika, onse akuuzidwa kuti alowe m'chikondwerero cha mbuye wawo. Wa matalente awiri sanafunsidwe chifukwa chake sanafike pa khumi. Akanataya mtima poyang'ana mnzake, akanataya ndi anayi omwe. Ndimamukonda kapolo ameneyu kuposa onse a m'fanizoli, chifukwa ndi amene ambiri a ife timafanana naye, ndipo ndi amene salalikidwa kawirikawiri. Tsiku lililonse ankaona mnzake akupindula kuposa iye, ndipo tsiku lililonse ankapitabe kumsika ndi awiri akewo.

Ngozi yeniyeni ili pa kapolo wachitatu, ndipo ndinaiona ikuyandikira pakhonde paja. Nditamaliza kulankhula, mnyamatayo anakankhira bolodi pambali nati: "Ndiye palibe chifukwa chosewerera, Amalume." Amenewo ndiwo mawu a munthu amene akukumba dzenje kuti akwirire talente lake. Maganizo akuti ngati sindingakhale woyamba ndiye ndisayambe n'komwe amaoneka ngati kudzichepetsa, koma mkati mwake muli kunyada kumene kwavulala. Ndi maganizo omwewo amene amaletsa mayi wa mawu abwino kulowa kwaya chifukwa sadzajambula chimbale, ndi bambo kubwerera ku sukulu ya kwacha chifukwa sadzafika ku yunivesite. Mbuye uja sanakwiye chifukwa kapoloyo anapindula pang'ono. Anakwiya chifukwa sanayese n'komwe, ngakhale kungosungitsa ndalamayo kwa osunga ndalama kuti ibale chiwongoladzanja.

Ndipo zimene munthu wamkulu angafike pa chess si zochepa. Amene aphunzira mwadongosolo, nabwereza magemu ake amene wagonja kuti aone pamene analakwitsa, nazolowera mathero a gemu m'malo mongoloweza mayambidwe, akhoza kukwera kwambiri, kulowa mipikisano ya bungwe la chess la m'dziko lake, kupata rating ya FIDE, ndi kulimbana ndi akatswiri a m'dziko mopanda manyazi. FIDE ili ndi maudindo ena pansi pa grandmaster, monga Candidate Master pa 2200 ndi FIDE Master pa 2300. Amenewanso ndi ovuta kwambiri kwa woyamba mochedwa, koma ali pafupi kuposa nsonga ija. Palinso ntchito ya woweruza mipikisano ndi ya mphunzitsi, zimene dziko lililonse lofuna kutulutsa akatswiri limazisowa.

Pa ntchito yomalizayi ndimakumbukira mfumu Davide. Anafunitsitsa kumangira Yehova kachisi, koma anauzidwa kuti si iye adzamanga, koma mwana wake. Pa 1 Mafumu 8:18 Solomoni akukumbutsa anthu kuti Mulungu anauza Davide kuti anachita bwino pokhala nacho chinthuchi mumtima mwake. Loto silinatchedwe tchimo, ngakhale silinapatsidwe kwa iye kulikwaniritsa. Ndipo pa 1 Mbiri 22 tikuona Davide, m'malo mokhumudwa, akusonkhanitsa miyala yosema, chitsulo cha misomali, mkuwa ndi mitengo ya mkungudza, kuti mwana wake akadzayamba asadzasowe kanthu. Ngati grandmaster woyamba wa ku Malawi adzaoneke, adzakhala mwana amene wina anamukhazika pa bolodi ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo wina ameneyo mwina adzakhala munthu amene dzina lake silidzalembedwa pa mndandanda uliwonse wa FIDE.

Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali, mpaka mdima unayamba kugwa. Mwana wake wamkazi wa zaka zisanu, amene nthawi yonseyi ankasewera pa mkeka, anabwera n'kutola chitsekero cha botolo chija, nafunsa chifukwa chake chili pakati pa zidole. Bambo ake anamukweza pamiyendo, nakokeranso bolodi pafupi, namuuza kuti ameneyu ndi kavalo, ndipo ndi yekhayo amene amaloledwa kudumpha anzake. Anamugwira kadzanja namuyendetsa mabokosi awiri kutsogolo ndi limodzi kumbali. Lolemba m'mawa anapita ku ntchito, ndipo wandiuza kuti akufuna kulembetsa mpikisano wake woyamba wa pa bolodi lenileni chaka chisanathe.