Black Panther wa m'buku ndi wa mufilimu: poyambira kuwerenga makomiki

Zikomo a tcheyamani, makolo nonse, komanso inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Ambiri muno munaonera filimu ya Black Panther ya mu 2018, kaya pafoni, kaya ku vidiyo shoo. Amene anagwirako buku lake ndi ochepa, ndipo ena mwa ochepawo analisiya pa tsamba lachitatu, ati silikumveka. Vuto si mutu wawo ayi. Mabuku amenewa ali ndi kawerengedwe kake, ndipo filimu ija sinachokere m'buku limodzi loti mungalipeze n'kuliwerenga mpaka kumapeto.

Tiyambe ndi tsamba lenilenilo. Tsamba la komiki limagawidwa m'timabokosi, kawirikawiri 5 kapena 6. Mumayambira kumanzere kupita kumanja, mzere ukatha mutsike. M'kabokosi kamodzi, mawu amene ali pamwamba ndiwo oyamba, ndipo kamchira kotuluka pa chibaluni cha mawu kamaloza amene akulankhula. Mawu okhala m'kabokosi kakang'ono kopanda mchira ndi a wofotokoza nkhani, kapena ndi zimene munthu akuganiza mumtima. Chithunzi chikatambalala pa masamba awiri, muwerenge mzere wonse kudutsa pakati musanatsike. Pafoni ndi pamene ambiri amasokonekera, chifukwa foni imakuonetsani theka lokha. Ndipo mwana akabweretsa manga, makomiki a ku Japan aja, amenewo amayambira kumanja. Musamuuze kuti wagwira buku chozondoka.

Anthu ozolowera mabuku a kusukulu amathamangira mawu n'kudumpha zithunzi, ndiye nkhani imawathawa. Wolemba sabwereza chimene wojambula waonetsa kale. Munthu akhoza kunena kuti ali bwino, pomwe dzanja lake lili pa mpeni kumbuyo, ndipo palibe mawu alionse okuuzani za mpeniwo. Onaninso kampata koyera kamene kali pakati pa mabokosi awiri. Apa chibakera chakwezedwa, apo munthu ali pansi. Kumenyako sikunajambulidwe, mwakumaliza nokha m'mutu. Kampata komweko kakhoza kudumpha sekondi imodzi kapena zaka khumi, choncho mukalowa m'kabokosi katsopano yang'anani kaye malo, zovala ndi kuwala, mawu pambuyo.

Tsopano kasindikizidwe. Makampani awiri akuluakulu a ku America, Marvel ndi DC, amatulutsa timabuku ting'onoting'ono mwezi ndi mwezi, kalikonse kokhala ndi masamba a nkhani pafupifupi 20. Nkhani imodzi imatenga timabuku 5 kapena 6, kenaka amatisonkhanitsa kukhala buku limodzi lotchedwa trade paperback. Mukapeza kabuku kamodzi pakati pa mabuku a kaunjika, dziwani kuti mwagwira chidutswa chabe, ngati mwafika pa mlandu mboni zitalankhula kale. Funani buku losonkhanitsalo.

Nambala imanamanso. Black Panther nambala 1 inatuluka mu 1977, ina mu 1998, ina mu 2005, inanso mu 2016, ndipo zonsezi ndi nkhani zosiyana za alembi osiyana. Ogula amatenga nambala 1 ya chaka china ndi nambala 2 ya chaka china, n'kumadabwa kuti sizikulumikizana. Tsegulani koyambirira kapena kumapeto, pali timawu ting'onoting'ono pamene pamalembedwa chaka. Muzitsatira dzina la wolemba ndi chaka.

Nanga filimu ija anaitenga kuti? Anatola apa ndi apo pa ntchito ya zaka zoposa 50. T'Challa, mfumu ya dziko lopeka la Wakanda yemwe ndiye Black Panther, anaonekera koyamba mu 1966, m'buku la Fantastic Four nambala 52, la Stan Lee ndi Jack Kirby. Killmonger, mdani wake uja, anabwera mu 1973, m'nkhani ya Don McGregor yotchedwa Panther's Rage, yomwe inkatuluka mu Jungle Action kuyambira nambala 6 mpaka 18. Zija zoponya mfumu pa mathithi zili mmenemo. Asilikali achizimayi aja, a Dora Milaje, anabwera ndi Christopher Priest mu 1998. Shuri ndi wa mu 2005, wa Reginald Hudlin. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 40 za mabuku amenewa, mlongo wa mfumu uja kunalibe.

Ndipo opanga filimu, motsogozedwa ndi Ryan Coogler, sanangotola, anasinthanso. M'mabuku Killmonger si wa kubanja lachifumu. Mufilimu anamusandutsa mwana wa mng'ono wake wa T'Chaka (bambo ake a T'Challa), wokulira ku Oakland ku America. Kusintha kumeneku ndimakuona kwanzeru, chifukwa filimu ili ndi maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo mkangano wa mpando pakati pa abale aliyense amaumva msanga, makamaka ife odziwa mmene nkhani za ufumu zimavutira m'mabanja. M'Baku m'mabuku ankatchedwa Man-Ape, dzina lofanizira munthu wakuda ndi nyani, ndipo analisiya dala. Nakia m'mabuku a Priest amasanduka mdani wa mfumu, pomwe mufilimu ndi wokondedwa wake wokhulupirika. Chinenero chimene mumamva a ku Wakanda akulankhula ndi Chixhosa cha ku South Africa, kwawo kwa John Kani, amene anasewera T'Chaka.

Kusintha kwina sikunachokere m'nzeru za alembi, kunachokera pa ndalama. M'zaka za m'ma 1990 Marvel inali pa mavuto a zachuma, mpaka inalengeza mu 1996 kuti yalephera kubweza ngongole. Chilolezo chopanga mafilimu a X-Men ndi Fantastic Four chinali m'manja mwa kampani ya mafilimu ya Fox, cha Spider-Man chinapita ku kampani ya Sony. N'chifukwa chake T'Challa sakanayambira kwa Fantastic Four monga m'buku, anamulowetsera mu Captain America: Civil War ya mu 2016. N'chifukwa chakenso simunamuone Storm, amene m'mabuku anakwatiwa ndi T'Challa mu 2006. Storm ndi wa X-Men. Disney, mwini wake wa Marvel, inadzagula Fox mu 2019, filimu itatuluka kale.

Achinyamata, mukamakangana kuti zoona ndi ziti, za m'buku kapena za mufilimu, mukutaya malovu. Ndi nkhani ziwiri zoyenda padera. Ngakhale dzina likhale limodzi: Civil War ya m'buku, timabuku 7 ta Mark Millar toyambira mu 2006, ili ndi Spider-Man akuvula chigoba pamaso pa atolankhani, ndipo mufilimu mulibe zimenezo.

Poyambira ndi pati? Ine ndinganene Hudlin wa mu 2005, timabuku 6 toyambirira, tojambulidwa ndi John Romita Jr. Nkhani yake imayenda molunjika ndipo safuna kuti mudziwe zakale. Priest ndi wokoma kwambiri, koma amayamba pakati, n'kubwerera m'mbuyo, n'kudumphiranso kutsogolo, ndiye mumusungire ulendo wachiwiri. Ta-Nehisi Coates wa mu 2016 ndi wa anthu okonda nkhani za ndale ndi ulamuliro. Nkhondo ndi zochepa, zokambirana n'zambiri. Mukakumana ndi dzina lachilendo musaime, pitirirani. Mabuku ambiri a Marvel amakhala ndi tsamba lokumbutsa zimene zachitika kale, liwerengeni musanayambe.

Makolo, mbali iyi ndi yanu. Zojambula sizitanthauza kuti ndi za ana. Pa chikuto, pafupi ndi timizere ta mtengo, pamakhala chizindikiro cha msinkhu. T ndi ya achinyamata, T+ ndi ya okulirapo. Mukaona Parental Advisory kapena MAX pa buku la Marvel, kapena Black Label pa la DC, limenelo ndi la akuluakulu, muli magazi ndi mawu osayenera mwana. Mafilimunso chimodzimodzi: Deadpool ya mu 2016, Logan ya mu 2017 ndi Joker ya mu 2019 si za ana, ngakhale mwana akuuzeni kuti ndi za ngwazi zomwe zija. Kwa ang'onoang'ono kuli katuni ya Supa Team 4, ya Malenga Mulendema wa ku Zambia, yomwe inatuluka pa Netflix mu 2023. Ndi atsikana anayi oteteza mzinda wa Lusaka. Amene muli ndi mafunso, tiyambire mbali ya amayi kuno.