Pusi wa ku Jamaica amene anazunguza mitu akatswiri kwa zaka 66

Moni nonse owonera. Lero tikupita ku Jamaica, chilumba cha m'nyanja ya Caribbean. Mutayenda m'nkhalango za kumeneko masiku ano simungakumane ndi pusi wam'tchire ngakhale mmodzi. Koma kale analipo, ndipo anali wachilendo kwambiri moti akatswiri anatha zaka zambirimbiri akulimbana kuti adziwe mbale wake ndani. Dzina lake la sayansi ndi Xenothrix mcgregori.

[Pa sikirini: mapu a Jamaica, kenako khomo la phanga]

M'chaka cha 1920, Harold Anthony wa ku American Museum of Natural History, nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ku New York, ankakumba m'phanga lina lotchedwa Long Mile Cave, m'dera la Trelawny. Iye ankafunafuna mafupa a nyama zakale za pachilumbachi. Pakati pa zomwe anatola panali kansagwada kam'munsi, kali ndi mano awiri okha otsalira. Kankaoneka kuti n'ka pusi. Koma pusi ku Jamaica? Zinali zosavuta kuganiza kuti mwina anali pusi woweta amene anthu anachita kubwera naye. Fupalo analiika m'kabati ku New York, ndipo linakhala momwemo zaka 32.

Mu 1952 akatswiri awiri, Ernest Williams ndi Karl Koopman, analitulutsa n'kuliyang'anitsitsa. Iwo ndi amene anazindikira kuti uwu ndi mtundu wa pusi umene sayansi sinkaudziwa, n'kuupatsa dzina.

Mutu unayamba kuzungulira pa nkhani ya mano.

[Pa sikirini: chojambula cha nsagwada, mano akumbuyo atapakidwa utoto]

Apusi ambiri a ku South America ali ndi mano atatu akuluakulu otafunira kumbuyo kwenikweni, mbali iliyonse ya nsagwada. Xenothrix anali nawo awiri. Tiapusi ting'onoting'ono totchedwa marmoset natonso tili ndi awiri, choncho munthu akanafulumira kunena kuti ndi pachibale. Koma mano a Xenothrix ndi otakata, okhala ndi timapiri tobulungira, osafanana n'komwe ndi a marmoset. Thupi lakenso linali lalikulupo, makilogalamu ochepa, pafupifupi ngati mphaka.

Cha m'ma 1990, katswiri wina, Ross MacPhee, ndi anzake anabwerera kumapanga a ku Jamaica, makamaka a ku Jackson's Bay kum'mwera kwa chilumbachi, ndipo anapeza mafupa ena: zidutswa za chigaza, nsagwada zina, mafupa a miyendo. Mungayembekezere kuti mafupa atachuluka nkhani iphweka. Ayi ndithu, inangokulirakulira. Fupa la ntchafu linali lalifupi, lonenepa, lolimba. Silinali fupa la nyama yodumpha kuchoka pa nthambi ina kukagwira ina. Linkasonyeza nyama yokwawa pang'onopang'ono mumtengo, yogwira nthambi mosamala, mwina yolendewera nthawi zina, monga imachitira nyama ya ku America yotchedwa sloth. Palibe pusi wamoyo lero amene ali ndi miyendo yotere.

Ndiye aliyense ankanena zake. Ena ankati ndi mbale wa apusi oyenda usiku otchedwa Aotus, chifukwa ankaona ngati mabowo a maso ake ndi aakulu. Ena ankati ndi mbale wa apusi otchedwa titi. Ena anafika pomupatsa banja lakelake. Ndipo musawaone ngati ankangolota. Aliyense anali ndi fupa m'manja lomuikira umboni. Vuto linali lakuti nyamayi inasintha kwambiri moti thupi lake linkaloza mbali zingapo nthawi imodzi.

[Pa sikirini: chipinda chopimira, munthu atavala zoyera thupi lonse]

Yankho linabwera mu 2018. Gulu la Roseina Woods, Samuel Turvey, Selina Brace, Ross MacPhee ndi Ian Barnes linakwanitsa kutulutsa DNA, malangizo achibadwa a m'thupi amene amasonyeza ubale wa zamoyo, m'mafupa a Xenothrix, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya PNAS. Ntchito imeneyi ndimaipatsa ulemu waukulu, chifukwa DNA imaonongeka msanga kumalo otentha ndi achinyontho. Mafupa a m'madera ozizira amaisunga bwino, koma phanga la ku Jamaica ndi nkhani ina.

DNA inasonyeza kuti Xenothrix ndi wa m'banja la titi, ndipo abale ake apafupi ndi a gulu la Cheracebus, omwe akukhalabe m'nkhalango za kumpoto kwa South America. Makolo awo anasiyana zaka pafupifupi 11 miliyoni zapitazo.

Tangomuonani titi wa lero. Ndi kapusi kolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, kaubweya wambiri, kachangu mumtengo. Wamwamuna ndi wamkazi amakhala awiriawiri, akakhala pa nthambi amapiringiza michira yawo pamodzi, ndipo m'mamawa amaimba molandizana. Mano ake akumbuyo ndi atatu. Kuchokera ku kholo la mtundu umenewu n'kumene kunatuluka nyama yolemera, yoyenda mwaulesi, ya mano awiri ija.

Nanga anafika bwanji ku Jamaica? Panthawiyo panalibe mtunda wolumikiza chilumbachi ndi South America. Zomwe akatswiri ambiri amaona kuti n'zomveka ndi izi: mitsinje ikuluikulu ikasefukira imazula mitengo, n'kukokolola milu ya nthambi, mizu ndi udzu zolukanalukana mpaka kunyanja. Pa milu yoyandama yotereyi pamatha kukhala nyama zamoyo. Zambiri zimafera panjira ndi ludzu kapena kumira. Koma pa zaka mamiliyoni, n'zokwanira kuti ulendo umodzi wokha uyende bwino, tiapusi tingapo tifike pagombe tili moyo.

Titafika, tinapeza dziko lopanda zilombo zikuluzikulu zoyamwitsa zodya nyama, komanso lopanda apusi ena olimbirana nawo zipatso. Pamalo otere liwiro silipindulanso kwenikweni. Kudumpha kumadya mphamvu, ndipo ngati palibe chokuthamangitsa, amene akuyenda mofatsa n'kumasunga mphamvu ndiye amapita patsogolo. Mibadwo itadutsa yosawerengeka, miyendo inafupika n'kunenepa, thupi linakula, dzino lomaliza linatha. Zilumba zimachita zimenezi kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake kuweruza ubale wa nyama za pachilumba poyang'ana mafupa okha n'koopsa.

Jamaica sinali yokha. Ku Cuba kunali pusi wotchedwa Paralouatta, ndipo pachilumba cha Hispaniola panali Antillothrix ndi Insulacebus. Onsewa anatha. Apusi amene mungawaone lero pazilumba za Barbados ndi St Kitts ndi ena: makolo awo anachokera kumadzulo kwa Africa pa zombo za m'nthawi ya malonda a akapolo, cha m'ma 1600.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti Xenothrix sanathe kalekale ngati ma dinosaur. Fupa lake lina atalipima ndi njira yodziwira zaka za mafupa yotchedwa radiocarbon linapezeka kuti ndi la zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, ndipo ofufuza amawerengera kuti mtunduwu unapitirira mpaka cha m'ma zaka 900 zapitazo. Anthu oyamba anafika ku Jamaica cha m'ma 600 AD, kutanthauza kuti anthu ndi pusiyu anakhalapo limodzi pachilumbachi. Nyama yoyenda pang'onopang'ono, yosazolowera kusakidwa, yodalira mitengo pa chilichonse, siichedwa kutha alenje akafika ndiponso nkhalango ikayamba kudulidwa. Khoswe wa ku Jamaica wa mtundu wa Oryzomys antillarum nayenso anatha m'zaka za m'ma 1800. Mwa nyama zoyamwitsa zoyenda pansi zimene Jamaica inali nazo kuyambira kale, yatsala imodzi yokha, yonga mbira, yotchedwa hutia, ndipo nayonso ili pa mndandanda wa nyama zomwe zili pangozi yakutha.