Makodi akasowa pa pepala musathamangire kulembanso nyimbo

Zikomo a tcheya, zikomo nonse mwabwera, aphunzitsi a makwaya, anyamata a kiyibodi, amayi athu a alto kumbuyo uko ndakuonani. Sinditalikitsa poti kukhitchini fungo layamba kale kutiitana, koma nkhani ndapatsidwayi inandichititsapo manyazi ine ndemwe, ndiye ndiyambira pomwepo.

Chaka china tikukonzekera chikondwerero cha makwaya, ndinachezera usiku wonse pa laputopu kulemba nyimbo mu Sibelius, pulogalamu yolembera manotsi, mawu onse anayi, makodi pamwamba kuti wa kiyibodi ndi wa bezi asamangopenekera. M'mawa fayilo mu fulashi, ulendo kwa opulinta ena m'tauni. Mnyamata wapamenepo pulogalamuyo anali nayo pa kompyuta yake, akuti bwana zimenezi ndi zatsiku ndi tsiku, watsegula, wapulinta makope 40, ine osayang'ana n'komwe poti minibasi imandisiya. Kufika ku pulakatisi ndagawa mapepala, ndingomva mtsikana wa soprano akuti aphunzitsi, lero tiyimba Chifalansa? Kuyang'ana, eee. Pamene pamayenera kukhala timitu ta manotsi pali chilembo chija cha o ndi e zomatana, œ œ œ mzere wonse, pa treble clef pali &, pa bass clef pali chizindikiro cha funso, makodi nawo osawerengeka. Ndalama za kwaya zinalowa m'madzi tsiku limenelo, ndipo asungichuma mpaka pano amandikumbutsa.

Koma chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi ichi, nyimboyo sinawonongeke ayi. Fayilo inali bwinobwino. Kompyuta simasunga chithunzi cha notsi iliyonse, imangosunga kuti apa pakhale chilembo chakutichakuti cha mu fonti yakutiyakuti, ndiye fontiyo ndi imene imaveka chilembocho kuti chioneke ngati notsi. Fonti yoyambirira yotchuka ya nyimbo inali Sonata ya kampani ya Adobe, m'ma 1980 umo, ndipo anaika zizindikiro pa mabatani omwewa timalembera kalata: ukadina q ikutuluka crotchet, h minim, w semibreve, & treble clef, funso bass clef. Mafonti obwera pambuyo ngati Maestro ya pulogalamu ya Finale ndi Opus ya Sibelius anatengera zomwezo pa zizindikiro zikuluzikuluzi. Ndiye kompyuta ikafufuza Opus n'kupeza kulibe, siyikuuzani, imangotola ina ili pafupi, Arial kaya Times New Roman, basi. & uja ndinamuona pa pepala langa anali treble clef yemweyo, kungoti anali atavula.

Vuto linali loti zizindikiro zing'onozing'ono kampani iliyonse imaika pomwe yafuna, moti kusintha fonti kunali ngati kuvala nsapato ya mnzako. Mu 2013 a Daniel Spreadbury a ku kampani ya Steinberg anayambitsa dongosolo lotchedwa SMuFL kuti chizindikiro chilichonse chikhale ndi nambala imodzi m'mafonti onse, ndipo fonti yake yoyamba ndi Bravura, yaulere. Manambala amenewa ali kuchigawo china cha Unicode, m'ndandanda wa manambala a zilembo za pa kompyuta, kumene mafonti wamba alibeko kanthu, n'chifukwa chake fonti yamtunduwu ikasowa simuona q kapena &, mumaona timabokosi topanda kanthu mkati. Mwaonatu, matenda ake amadzinena okha. Zilembo zachilendo, kawirikawiri ndi fonti yakale yasowa. Timabokosi, ndi yatsopanoyi.

Nanga bwanji nthawi zina manotsi ali bwino koma makodi okha ndi amene apenga? Chifukwa makodi amakhala ndi fonti yawoyawo. Mu Sibelius muli Opus ya manotsi, palinso Opus Chords ya makodi, ndi mafayilo awiri osiyana, ina itha kulowa bwino ina n'kutsalira. Mankhwala ake si ovuta. Tsekani pulogalamu kaye, pezani fayilo ya fontiyo, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Install for all users, osati Install yokhayo, chifukwa pa Windows 10 ndi 11 Install yokha imaika fontiyo kwa munthu mmodzi ndipo mapulogalamu ena sayiona. Mukatero zimitsani kompyuta muyatsenso. Anthu ambiri amalakwitsa apa, amaika fonti pulogalamu ili chitsegukire kenako akuti sizinatheke, pamene pulogalamu imawerenga mafonti poyamba ikamatseguka.

Ndinenepo chilungamo, tisanamizane muno. Ambirife Sibelius tili nayoyi tinapatsidwa pa fulashi ndi mnzathu amene nayenso anapatsidwa ndi mnzake, yobwera choncho nthawi zambiri imafika yoperewera zina, mwinanso ndi mavairasi omwe. Ine ndinatopa nazo ndinasamukira ku MuseScore. Ndi yaulere mwalamulo, mtengo wake ndi bandulo yodawunilodera basi, ndipo mafonti ake, Leland, Bravura, MuseJazz, ndi Edwin ya mawu, imayenda nawo m'mimba mwake, sidalira kuti kompyuta ili nawo. Pokhapokha inuyo mukakometsera mutu wa nyimbo ndi fonti ina yamaluwamaluwa yomwe munaitola pa intaneti, imeneyo kwa mnzanu ikasowa ndithu.

Tsopano pali kusowa kwina komwe fonti ilibe mlandu. Makodi munalemba, mukukumbukira bwino, koma pa pepala palibiretu, ngakhale kabokosi. Mu MuseScore mukasankha chinthu n'kugunda batani la V mwangozi, chimabisika. Pa sikirini chimaoneka chotuwa ngati phulusa koma populinta sichituluka, ndiye ngati maso ali ngati angawa simuzindikira msanga. Pitani pa View muonetsetse kuti Show invisible ndi yoyatsa, sankhani makodi otuwawo, gundani V kachiwiri, abwerera. Chinanso, khodi imamatirira pa mzere womwe munayilembapo. Mukaika makodi pa mzere wa piyano kenako n'kutulutsa pepala la wa bezi yekha, iye sawapeza, muyenera kuwakopera pa mzere wake. Amene muli ndi pulogalamu ya Dorico, ngati alipo muno, kumeneko ndi zosiyana pang'ono, makodi amaonekera okha pa zida ngati piyano ndi gitala, koma pa mizere ya oyimba muyenera kukaiuza mu Setup kuti iwaonetse.

Koma matenda aakulu amene ndimawaona m'mafayilo omwe mumanditumizira pa WhatsApp ndi makodi abodza. Munthu akufuna kulemba G pamwamba pa notsi, amatsegula polemba mawu wamba, ena mpaka polemba mawu a nyimbo, n'kulemba G. Pamaso zikuoneka bwino, inde. Koma pulogalamu sikudziwa kuti ndi khodi, kwa iyo ndi chilembo ngati cha m'dzina lanu. Ndiye tsiku la pulakatisi a soprano akuti yakwera kwambiri iyi titsitsireni, mwaichotsa mu G kupita mu F, manotsi onse atsika bwinobwino, makodi atsala mu G momwemo. Wa kiyibodi akuyimba zake kwaya ikuyimba zake, mpingo ukuyang'anana. Khodi yeniyeni, mu MuseScore ndi mu Sibelius momwe, mumadina notsi kenako Ctrl ndi K. Mukalemba B wamkulu ndi b wamng'ono, Bb, imasintha yokha kukhala B flat wa chizindikiro chake, ndipo pamenepo mumadziwa kuti yamva. Mu MuseScore mukalemba o wamng'ono ikupatsani kabwalo ka diminished, mukalemba 0 ikupatsani kabwalo kodulidwa kaja ka half diminished, osavutika kukasaka zizindikirozo kwina. Yolembedwa choncho imatsika ndi nyimbo, imakwera ndi nyimbo, ndipo mu MuseScore imalira mukadina play.

Eya achimwene kumapeto uko, funsani. Akuti anaona posankha Solfeggio ndiye amaganiza kuti ndi solofa yathuyi. Funso labwino zedi, ndipo ambiri agwapo. Mu MuseScore, pa Style, pa Chord symbols, muli posankha kalembedwe: Standard, German, Solfeggio, French ndi kena. Solfeggio ija imalembadi Do, Re, Mi, koma ndi ya ku Italy, kumene Do ndi C nthawi zonse, sasuntha. Solofa yathu ya m'makwaya, ija inafalitsidwa ndi a John Curwen ku England n'kubwera kuno ndi amishoni, doh amayenda ndi kii, mu G doh ndi G, mu F doh ndi F. Ndiye mukasankha Solfeggio nyimbo ili mu G, khodi yoyamba ilembedwa Sol, oyimba anu asokonezeka. Ngati anyamata a kiyibodi anazolowera zija za wani, folo, faifi, MuseScore ili ndi manambala a Nashville, gwiritsani amenewo. Ndipo mukadzaona khodi yolembedwa H musati kompyuta yapenga, ndi kalembedwe ka ku Germany, kwawoko H ndi B wathuyu ndipo B ndi B flat, ingobwezani pa Standard.

Amene muli pa Finale mvetserani kuno. Kampani ya MakeMusic inalengeza mu Ogasiti 2024 kuti yasiya kupanga ndi kugulitsa Finale, pulogalamu yomwe inayamba mu 1988. Laputopu yanuyo tsiku lomwe idzafe, ndipo ndi magetsi athuwa mukudziwa nokha, mafayilo a Finale a musx aja musadalire kuti MuseScore idzawatsegula. Panopa ikadali ndi moyo, nyimbo iliyonse muitulutse kawiri, ngati MusicXML komanso ngati PDF. MusicXML ndi imene mapulogalamu onsewa amamvana nayo, imanyamula manotsi ndi makodi enieni aja, koma fonti sinyamula, ndiye ikatseguka kwina maonekedwe asintha pang'ono, musadabwe. PDF yo ikhale mboni yoti muziyerekezera.

Kwa opulinta musapite ndi fayilo ya sib ya Sibelius ngati ndinachitira ine, kapena ya mscz ya MuseScore. Pitani ndi PDF, chifukwa imanyamula mafonti mkati mwake. Mukafuna kutsimikiza, itseguleni mu Adobe Reader, Ctrl ndi D, pitani pa Fonts, dzina lililonse likhale ndi mawu oti Embedded pambali. Kapena njira ya ife osauka, dzitumizireni pa foni, foniyo ilibe Opus ilibe Maestro, ikaoneka bwino pamenepo ndiye kuti ikaoneka bwino kulikonse. Ndipo apulinte pepala limodzi kaye muliyang'ane, minibasi ibwera ina.

Amene mwabwera ndi malaputopu sunthirani kutsogolo kuno kuli soketi, tiyambe ndi ya mayi aja anati makodi awo akutuluka timabokosi, tione kuti ndi fonti iti yathawa.