Voti imodzi ya ku Nathdwara

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo lino. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko, sunthirani pafupi chifukwa nkhani ya lero ili ndi manambala, ndipo ndikufuna muwamve bwinobwino.

Ndikutengerani ku India, m'chigawo chotchedwa Rajasthan. Choyamba mudziwe kuti dziko la India lili ndi zigawo 28, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, aphungu ake ndiponso nduna yaikulu yoyendetsa boma la chigawocho, kuwonjezera pa Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse ya ku New Delhi. Nyumba ya ku Rajasthan imakumana mumzinda wa Jaipur ndipo ili ndi mipando 200. Kasankhidwe ka phungu n'chimodzimodzi ndi kwathu kuno: amene wapeza mavoti ambiri m'dera ndiye wapambana, kaya wasiyana ndi mnzake ndi mavoti zikwi khumi, kaya ndi imodzi yokha.

Dera limene ndasankha limatchedwa Nathdwara, m'boma la Rajsamand, kumpoto kwa mzinda wa Udaipur. Ndi tawuni ya kachisi wotchuka wa Shrinathji kumene Ahindu amapita kukapembedza chaka chonse. Pa ndale, dzina limene linamera mizu kumeneko ndi la bambo C. P. Joshi a chipani cha Congress, munthu wophunzira, amene asanalowe ndale ankaphunzitsa pa yunivesite ku Udaipur. Anapambana mu 1980, napambananso mu 1985. Mpando unawachoka kwa zaka zingapo, koma anabwerera mu 1998, ndipo mu 2003 anthu anawasankhanso. Kanayi konse. Pofika 2008 anali mtsogoleri wa chipani chawo m'chigawo chonse cha Rajasthan, ndipo ambiri ankawatchula kuti Congress ikapambana, mwina nduna yaikulu adzakhala iwowo.

Chisankho chinachitika mu Disembala 2008. Congress inapezadi mipando 96, chipani cha BJP chinapeza 78, ndipo boma linapita kwa Congress. Koma mverani zimene zinatuluka ku Nathdwara. Bambo Kalyan Singh Chouhan a BJP anapeza mavoti 62,216. Bambo Joshi anapeza 62,215.

Ndibwerezenso, mayi anga, poti ndaona mwagwira pakamwa. Winayu 62,216, winayu 62,215. Anthu oposa 124,000 anagawikana pakati pa amuna awiriwa, ndipo kusiyana kwake kunali munthu mmodzi. Amene anatsogolera chipani chonse pa kampeni anagwa pakhomo pake penipeni, ndipo unduna waukulu unapita kwa bambo Ashok Gehlot. Ine ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandigunda, chifukwa tsiku lovotalo panali wina wokonda bambo Joshi amene anati ndiyambe ndathirira kumunda, wina anati mzere watalika ndibweranso madzulo, wina anali pa ulendo. Aliyense wa iwo, zotsatira zitatuluka, anadzuka akudziwa kuti voti yosowayo inali yake.

Nkhani sinathere pomwepo. Bambo Joshi anakadandaula ku bwalo lalikulu la milandu la Rajasthan, ndipo apa m'pamene pali phunziro limene ndabwerera. Ku India amavota pa makina, koma pali lamulo lakuti ukafika pamalo oponyera voti n'kupeza kuti wina wavota kale m'dzina lako, sakubweza chimanjamanja. Ukatsimikizira kuti ndiwedi mwini dzinalo, amakupatsa pepala, umachonga, ndipo pepalalo amalitsekera mu envulopu yapadera. Mavoti oterewa sawerengedwa pa tsiku lowerenga. Amasungidwa, ndipo ndi bwalo la milandu lokha limene lingalamule kuti atsegulidwe. Pa zisankho zambiri palibe amene amawakumbukira, chifukwa wopambana amakhala wasiya mnzake kutali. Ku Nathdwara maenvulopu amenewa anasanduka nkhani yaikulu, mpaka mkangano wa kawerengedwe kake unafika ku bwalo lalikulu kwambiri la dziko lonse.

Mu 2012 bwalo la Rajasthan linagamula kuti kupambana kwa bambo Chouhan sikunali kovomerezeka, litapeza kuti munthu wina wa mbali yawo anavota kawiri, pamalo awiri osiyana, chifukwa dzina lake linalembedwa kawiri m'kaundula. Taonani kumene vuto linayambira. Silinayambe pa tsiku lovota ayi, linayamba miyezi yambiri m'mbuyo pamene kaundula ankakonzedwa, ndipo palibe amene anaona dzina lobwerezedwalo. N'chifukwa chake ine ndimakangana ndi anthu amene amanyozera nthawi yoyendera maina m'kaundula, kumati zimenezo n'za a zipani. Ifenso tinaona pa 3 Febuluwale 2020 bwalo lathu likufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndiye tikudziwa kuti oweruza amagamula poona zimene zinalembedwa pa mapepala ndi zimene oyang'anira chisankho anaona ndi maso awo.

Bambo Chouhan anachita apilo, ndipo pamene milandu inkayenda, zaka zisanu za mpandowo zinkatha. Bambo Joshi nawo sanakhale pansi kudikira: mu 2009 anapambana mpando wa Bhilwara m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, nakhala nduna yoona za chitukuko cha kumidzi, kenako ya misewu. Izi zimandiwawa, abale anga, chifukwa anthu a ku Nathdwara anakhala pafupifupi nyengo yonse ya phungu wawo osadziwa ngati wowayimira analowa mwachilungamo. Chigamulo chobwera patatha zaka zinayi chimapeza bajeti zinayi zitadutsa kale.

Mu 2013 anthu anafunsidwanso, ndipo anasankha bambo Chouhan kachiwiri, ulendo uno popanda mkangano wa voti imodzi. Iwo anamwalira mu 2018 akadali phungu. Chakumapeto kwa chaka chomwecho bambo Joshi anabwerera kwawo, napambana kachisanu, ndipo mu Januwale 2019 anasankhidwa kukhala sipikala wa nyumba ya malamulo ya Rajasthan.

Mwina mukuganiza kuti munthu wofika pa usipikala sagwedezekanso. Mu 2023 chipani cha BJP chinaimika bambo Vishvaraj Singh Mewar, a banja lachifumu la Mewar, ufumu wakale wa dera limeneli, mbadwa ya mfumu Maharana Pratap imene inamenya nkhondo yotchuka ya ku Haldighati mu 1576, ndipo malo a nkhondoyo ali pafupi ndi Nathdwara pomwepo. Anali asanaimepo pa chisankho chilichonse. Mavoti atawerengedwa pa 3 Disembala 2023, sipikala uja anagonja ndi mavoti oposa 7,000, ndipo BJP inatenga boma la chigawocho ndi mipando 115.

A mfumu, ndaona abambo awo akweza dzanja kuyambira pamene ndimanena za maenvulopu aja. Imirirani bambo, funsani mokweza kuti a kumbuyo amve nawo.