Makalata a Omvera: "Ndaonda, ndiye ndiziwauza chiyani anthu?"

Takulandiraninso omvera. Kuno ku Mulanje chiperoni chatigwira kuyambira dzulo, phiri silikuoneka n'komwe, ndiye kokerani mpando pafupi ndi mbaula timve makalata anu. Yoyambayi yachokera ku Luchenza, kwa mayi amene apempha kuti dzina lawo tisalitchule. Akuti:

"Achimwene apawailesi, ine ndili ndi zaka 44, ndimagulitsa nsalu pamsika. Ndinkalemera makilogalamu 128, shuga ndi BP zinkandisowetsa mtendere, maondo osanena. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandiitanitsa, ndipo kumeneko anandichita opareshoni yochepetsa chifu. Akudziwa ndi amuna anga ndi mwanayo basi. Ena onse ndinawauza kuti ndikukathandiza chikuta.

"Papita miyezi isanu, ndatsika ndi makilogalamu 30. Madiresi onse ali kwa telala. Kutchalitchi mayi wina anandikokera kuseri n'kundinong'oneza kuti, 'Musachite manyazi, mankhwala alipo aulere masiku ano.' Pamaliro sabata yatha anandiikira mitanda iwiri ya nsima ndi nandolo, ine mbamu zitatu ndakhuta, anthu n'kumati ndikunyada, ena akuti ndikuopa kudyetsedwa. Amalume anga akuti aitanitsa ankhoswe chifukwa bambo akunyumba akundizunza. Koma ndikaulula, adzati ndinataya mamiliyoni pofuna kuoneka ngati mtsikana pomwe abale akusowa feteleza. Ndiulule kapena ndikhale chete?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi omvera amene akudabwa kuti chifu n'kuchichepetsa bwanji. Opareshoni yofala kwambiri ya mtunduwu, madokotala amalowetsa zipangizo pa timabowo ting'onoting'ono pamimba, n'kudula chifu pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Chotsalacho chimakhala chowonda, chooneka ngati nthochi, ndipo sindikunena zikuluzikulu za ku Thekerani zija ayi. Mbali imene amachotsayo ndi imenenso imapanga zambiri mwa zimene zimauza ubongo kuti munthu ali ndi njala. N'chifukwa chake mayiwa mbamu zitatu akhuta. Masabata oyambirira munthu amangomwa zamadzimadzi, kenako phala ndi zofewa, nsima imabwera pambuyo. Si ya wina aliyense amene wakhumudwa ndi galasi. Amachita anthu amene kunenepa kwafika powadwalitsa.

Tsono mayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene munkalephera kukwera minibasi ya ku Limbe popanda kondakitala kukukankhani ndi inu. Amene munkabayidwa chala mwezi ndi mwezi ndi inu. Msika wa Luchenza mulibe nawo ngongole ya kufotokoza za m'mimba mwanu. Pamenepo ndiye ndilibe chikaiko.

Koma ndikuchenjezeni, nkhaniyi siitha mwezi wamawa. Thupi limatsika mofulumira miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo limapitirizabe mpaka chaka, ena chaka ndi theka. Ambiri tsitsi limathothokanso pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, kenako n'kumeranso. Kwathu kuno munthu akaonda, tsitsi n'kumapyapyala, mukudziwa kale dzina limene anthu amapereka. Tinaika abale ambiri zaka za m'ma 1990, ndiye diso lathu linazolowera kuona kaliwondewonde paliponse. Mayi anakunong'onezani kutchalitchi aja musawasungire kukhosi. Anaphonya matenda, koma anabwera ndi mtima wofuna kukupulumutsani. Ndipo kunena zoona, anzathu amene akumwa ma ARV mokhulupirika lero ndi amene ali ndi matupi osalala, kuposa ena a ife.

Amene ayenera kudziwa, zivute zitani, ndi achipatala. Aliyense amene akukulemberani mankhwala, kaya ku Thyolo, kaya ku Queens, kaya pa kachipatala ka kumudzi, muuzeni, ndipo zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Chifukwa chake ndi ichi: mankhwala opha ululu monga brufen, diclofenac ndi aspirin angathe kuyambitsa zilonda pa chifu chodulidwacho, pomwe kuno ndi amene timapatsana ngati maswiti mutu ukangoti waa. Mankhwala a shuga ndi a BP nawonso amafunika kuwaonanso mlingo wake thupi likamatsika, apo ayi shuga adzatsikitsitsa mudzagwe pamsika anthu n'kumakuthirani madzi osadziwa chavuta. Mavitamini amene anakupatsani, makamaka B12, ayironi ndi kashiamu, si a miyezi iwiri, ndi a moyo wonse. Ndipo pepani ndilowe kuchipinda pang'ono: zaka 44 si kuti nkhani ya mimba yatha. Thupi likatsika kubereka kumaphwekanso, pomwe madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18. Kakambiraneni ndi a zakulera.

Amalume anu auzeni. Apa ndiye ndikulimbikira. Bambo akunyumbawo akuimbidwa mlandu umene sanapalamule, ndipo akhala chete miyezi isanu pofuna kukusungirani chinsinsi. Kwathu kwa Alhomwe kuno mukudziwa kulemera kwa mawu a mwinimbumba pa mkamwini. Mudikira mpaka ankhoswe ayale mphasa? Pitani nokha madzulo, mutenge kabuku kanu ka shuga kakale kaja, muwaonetse manambala a chaka chatha ndi a lero. Za ndalamazo adandaula, mwina ndithu. Muwakumbutse kuti mwana anagulira mayi ake moyo, ndipo shuga akadula mwendo, feteleza sabweza.

Ena onsewo, apezereni mawu amodzi oona, muziwabwereza osasintha: "Ndili pa chithandizo cha shuga, adokotala anandichepetsera chakudya." Simunaname, komanso simunavule. Pamaliro uzani amene akugawa kuti akuikireni kachidutswa kokha musanalandire mbale. Kubweza nsima yodzadza pasiwa ndi kumene kumapweteka anthu, osati kudya pang'ono.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yachokera ku Limbuli, ndipo ndaisunga dala kuti ibwere pambuyo pa yoyamba ija. Akuti:

"Mnzanga wa kubanki m'khonde anapita ku India, anabwerako n'kuyamba kuonda bwinobwino. Nditamufunsa anati ndi madzi otentha a mandimu m'mawa uliwonse, ndipo mankhwala a BP anasiya. Ine ndamwa mandimu miyezi itatu, mankhwala anganso ndinasiya, koma sikelo sikusuntha, mutu ukungogunda. Dzana m'bale wake wandiuza kuti anachitidwa opareshoni. Ndikamuyalutse pagulu?"

Amayi, musanaganize za mnzanuyo, mawa m'mawa mukapezeke kuchipatala akakuyezeni BP. Kugunda kwa mutuko si nkhani yodikira Lachisanu. Mandimu sachiza BP, ndipo sasungunula mafuta, angakhale muthyole mtengo wonse.

Kumuyalutsa ayi. Opareshoni ndi yake, ndipo m'bale wakeyo analakwa kuitulutsa. Koma mnzanuyo analakwanso, ndipo muuzeni muli awiri. Akanangoti "ndi za ine ndi adokotala anga" bwenzi inu mukumwabe mankhwala anu. Iye anasankha kukupatsani njira yabodza kuti muitsate, ndipo ndani akudziwa kuti pabanki m'khondepo ndi angati ena amene akufinya mandimu. Mumupemphe kuti pamsonkhano wotsatira anene yekha kuti si mandimu, ndipo aliyense amene anasiya mankhwala abwerere kuchipatala. Zoti ndi chiyani kwenikweni, zimenezo asunge ngati akufuna.

Mayi a ku Luchenza, ndikhulupirira kalata imeneyi mwaimvanso.

Nthawi yatithera. Kalata ya bambo a ku Bvumbwe yokhudza malire a munda ndaiona, tiyamba nayo sabata yamawa.