Chiwetel Ejiofor: Munthu Amene Anabweretsa Makamera ku Wimbe

Muli bwanji abale anga a ku Kasungu ndi nonse amene mukuonera muli ku Joni! Musanakhazikike, dinani kaye subscribe, kenako tiyambepo.

Choyamba, mbiri yake mwachangu. Chiwetel Ejiofor, katswiri wosewera m'mafilimu, anabadwira ku London mu 1977, makolo ake ndi a ku Nigeria, a mtundu wa Igbo. Ali ndi zaka 11 anachita ngozi ya galimoto ku Nigeria, bambo ake, omwe anali dokotala, anafera pomwepo, iye n'kupulumuka. Chipsera mumachiona pamphumi paja ndi cha ngozi imeneyo.

Chachiwiri, ntchito. Steven Spielberg anamutenga mu filimu ya Amistad mu 1997. Dzina linadzamveka zenizeni mu 2013 ndi 12 Years a Slave, momwe anapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA. Ana anu amamudziwa ngati Mordo wa mu Doctor Strange. Basi, tidutse.

Chachitatu, ndipo apa ndiye mundimvetsere bwino, chifukwa nkhaniyi yanditopetsa m'makomenti. Ati filimu yake ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba, anakaijambulira ku Kenya, kuno anangobako nkhani. Bodza! Bodza la mtunda wopanda madzi! Filimu imeneyi inajambulidwa kuno ku Kasungu, ku Wimbe, dera lomwe William Kamkwamba anakulira n'kupanga makina ake a mphepo aja njala ya 2002 itavuta. Fumbi lija ndi lathu. Gule Wamkulu mukumuona pamaliro paja mungakamupeze ku Nairobi? Kafunseni anthu a ku Wimbe, akuuzani okha mmene makamera ankayendera.

Ndikudziwa pomwe bodzali linachokera. Mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Mayi ake mufilimumo, Aïssa Maïga, anabadwira ku Senegal. Ejiofor mwini, yemwe anasewera Trywell, bambo ake a William, Chichewa anachita kuphunzira. Ndiye akatsegula pakamwa, ife timamva kuti lilime likupunthwa, pena mpaka timafuna mawu a Chingerezi apansi aja kuti timve chilankhulo chathu chomwe! Koma mverani Lily Banda, wosewera mlongo wa William, mumva kusiyana: uyo ndi wakwathu. Zoti Chichewa chinapotoka sindikukana ayi, ndipo ine ndikanakonda Amalawi ambiri akanapatsidwa mbali zikuluzikulu. Koma kupotoka kwa lilime sikusamutsa mudzi. Ejiofor akanatha kujambula zonse m'Chingerezi, osavutika, koma sanatero. Ndipo chifukwa cha Chichewa chomwecho, Britain inatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar m'gulu la mafilimu a zilankhulo zina.

 

Chachinayi, iyi inali filimu yake yoyamba yaitali kuwongolera. Analemba yekha kuchokera m'buku la Kamkwamba ndi Bryan Mealer la 2009, n'kuseweramonso. Inayamba kuonetsedwa ku chionetsero cha mafilimu cha Sundance mu Januwale 2019, pa Netflix inafika pa 1 Malichi.

Chachisanu, mlongo wake ndi Zain Asher wa pa CNN uja.

A ku Wimbe amene munaonekamo m'khamu lija, lembani pansipa miniti yomwe mukuoneka, ndikufuna ndikuikeni mu vidiyo ya sabata yamawa.